Lilime la Wometa Tsitsi

Umphawi wa wometa tsitsi uja unali wonunkha, ndipo sindikuphiphiritsa ayi. Nsalu imene ankafunditsa anthu powameta inali imodzi yokhayo, yonunkha thukuta la makosi a msewu wathu wonse. Kachipinda kake kometeramo kanali kothina ngati chimbudzi. Munali mpando umodzi womanga ndi waya, makina oluma ngati nsikidzi, ndi galasi long'aluka pakati, loti ukadziyang'anira unkaoneka ngati wadulidwa khosi. Ine ndinkasoka nsapato pakhonde pake, pa kabenchi, choncho izi sindinazimve pa wailesi. Zina ndinaona ndi maso angawa, zina anaulula yekha atapenga, pamene ankakoka malaya a aliyense wodutsa kuti amufotokozere. Inu ophunzira mudzati nkhalamba ikubwebweta. Nenani. Ana anga omwe amatero, chikhalirecho sukulu yawoyo inatuluka m'zidendene za nsapato za anthu.

Wometayo anali ndi mkazi wolongolola ndi mwana mmodzi wamkazi. Chinthu chokha chabwino chimene munthu ameneyu anachita pa dziko lapansi ndicho kubereka mwana ameneyo. M'mawa uliwonse popita kusukulu, mwanayo ankaima pakhomo pa kachipindako, kachikwama kumsana, n'kufuula kuti, "Tsalani bwino, ababa!" Bambo wake ankaimitsa makina, n'kuwerama ngati walandira mlendo wolemekezeka. "Pitani bwino, amayi anga." Onse awiri ankaseka. Tsiku ndi tsiku choncho, osatopa nazo.

Munthu wanzeru akanakhuta ndi zimenezo. Koma uyu maso ake anali pa mlamu wake, mchimwene wa mkazi wakeyo, amene anali ndi sitolo ya zitsulo za magalimoto. Mlamuyo anali ndi chimimba chofika pa chiwongolero ndi foni yosachoka kukhutu. Ankabwera kudzametetsa ulere, ati wachibale salipira, ndipo akametedwa ankangodzuka, kukutumula kolala, n'kutuluka osatsazika, ngati akuchoka m'khola la mbuzi. Wometayo ankatsala ataima pakhomo, kuyang'ana galimoto ya mlamuyo mpaka itakhota.

Tsiku lina mlamuyo ali pampando anayang'ana tsitsi limene linali mbwee pansi.

"Alamu, tsitsili mukanamagulitsa, bwenzi pano mutagula nsalu yachiwiri."

Amene ankadikira pa benchi anaseka.

"Zinthu zisintha, alamu," anatero wometayo.

"Zisintha liti? Mlongo wanga anabwera kwa inu ali ndi masaya. Panopa mungamupachike pa msomali ngati jekete."

Zimenezi zinamulowa mpaka m'mafupa. Ena tinatukwanidwapo zoposa pamenepo ndipo tikadalipo, koma iye anatseka chitseko dzuwa lili pamutu, n'kupita kwa sing'anga wina amene dalaivala wa basi anamunong'oneza.

Ankayembekezera kupeza zikopa ndi nsupa. Anapeza chipinda chosesedwa bwino kuseri kwa butchala, muli tebulo, mipando iwiri ya pulasitiki, ndi bambo woonda wovala malaya oyera otchena, akusenda lalanje ndi kampeni.

"Khala," anatero sing'angayo, osadzutsa mutu. "Ukufuna chuma."

"Mwadziwa bwanji, agogo?"

"Nsapato zako zandiuza. Umagwira ntchito yanji?"

"Ndimameta anthu."

"Ndiye kuti anthu amalowa ndi kutuluka pakhomo pako tsiku lonse. Akamatuluka amati chiyani?"

"Amatsazika basi. Amati tsalani bwino."

"Iwe umati chiyani?"

"Pitani bwino."

Sing'angayo anaika kampeni pansi. "Wamva zimene wanenazo? Munthu akuti utsale bwino. Ubwino wake wonse akukusiyira ndi pakamwa pake, popanda womukakamiza. Iwenso ukumuuza kuti apite. Anthu amangotaya mawu amenewa ngati makoko, osadziwa chimene akupereka. Ine ndingathe kuwapatsa mano mawuwo."

"Sindinamve, agogo."

"Wamva. Ukungofuna ndinene ndine kuti mlandu ukhale wanga. Wokutsazika, iwe n'kumuyankha, adzapitadi. Mwayi wake udzatsala ndi iwe."

Wometayo anasendeza mpando pafupi. "Adzadwala?"

"Nthawi yodwala aipeza kuti? Sadzamva n'kuwawa komwe. Ndine munthu wachifundo ine."

"Nanga ndikapanda kuyankha?"

"Apita ndi moyo. Wosankha ndiwe. Koma lilime likalawa, limamva njala. Likamva njala ulidyetse. Ukalimana, lidzatupa mpaka kutseka kukhosi, kapena lidzadzifunira lokha chakudya."

"Ndilipira zingati?"

"Sunga tindalama takoto. Gawo langa limandipeza lokha. Yasamula."

Chitsiru chija chinayasamula. Sing'angayo anamutema kunsi kwa lilime ndi kampeni komwe kaja ka lalanje, n'kupakapo kanthu kakuda kowawa ngati ndulu. Wometayo atadzuka kuti azipita, anatsegula pakamwa mwa chizolowezi, koma sing'angayo anakweza chala.

"Ine usanditsazike. Langa ndi lakale kuposa lako, ndipo silikhuta."

Pobwerera ankadziuza kuti wanamizidwa. Amatero onse, kuti mtima ukhale pansi.

Tsidya lina la msewu kunali wometa wina, mnyamata waulemu amene anali ndi makina atsopano ndi anthu odzaza benchi. M'mawa mwake mnyamatayo anawoloka kudzabweza chipeso chimene anabwereka. Anacheza pang'ono, anandipatsanso moni ine pakhondepo, kenako anati, "Tsalani bwino, akulu."

Ndinaona wometa wathu akuzengereza. Anayang'ana benchi lodzaza kutsidyako, n'kuyang'ana lake lopanda munthu.

"Pitani bwino," anatero, mawu ali pansi.

Mnyamatayo anatsika pakhonde, anayenda mpaka pakati pa msewu, n'kuima ngati munthu amene wakumbukira kuti waiwala kanthu. Anakhala pansi bwinobwino, n'kugona chammbali. Pamene ndinkafika pomwepo, ndi chingwe changa chosokera chikadali m'manja, anali atapita kale. Maso ali tong'o, ndipo kutsidyako makina ake anali akulirabe pa tebulo.

Kuchipatala anati ndi mtima. Madokotala akasowa chonena amathawira ku mtima. Anthu amene ankametetsa kwa mnyamatayo analira, anaika maliro, ndipo tsitsi lawo litakula anawoloka msewu. Tsitsi silikhuza maliro.

Wachiwiri anali mwini nyumba imene munali kachipindako, nkhalamba yofatsa yoyenda pa njinga. Anametetsa ndevu, anatsazika, anayankhidwa. Anafa mwendo umodzi uli pa pedulo, wina uli pansi, ndipo njingayo inamugwera pamwamba belu likulira. Ana ake anakanganirana nyumbayo mpaka anaigulitsa motaya, ndipo wogula anali wometa uja. Kenako mphunzitsi wina anayetsemula kamodzi pa geti ya sukulu, osadzukanso. Mayi wogulitsa nthochi anafa ali mkati moseka, dengu lili pamutu, moti anzake anapitiriza kuseka poganiza kuti akuchita nthabwala. Mnyamata wina amene anadzametetsa m'mawa wa tsiku la ukwati wake anamupeza m'galimoto ya maluwa atatsamira zenera, tayi ili m'manja. Aliyense wa amenewa anamupezera chifukwa chake. Uyu ati kuthamanga kwa magazi, uyu ati shuga, uyu ati anali wonenepa, uyu ati anali woonda. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti bwanji ambiri mwa amenewa akupita kumanda ali ometedwa bwino chonchi.

Chuma chinabwera ngati madzi osefukira. Kachipinda kaja anakatseka n'kukasandutsa mosungira zinyalala, ndipo mbali yonse ya kutsogolo kwa nyumbayo anaigumula n'kuikamo magalasi kuyambira pansi mpaka kudenga, mipando yozungulira, matailosi oterera, ndi wailesi yakanema yopachika. Analemba antchito ovala mayunifolomu. Anatsegula malo ena, kenako ena, anagula galimoto yoposa ya mlamu wake. Mkazi wake masaya anabwerera, anawonjezeranso ena m'khosi, ndipo anasiya kuyankha moni wa anzake amene ankatunga nawo madzi pa mpopi. Sanafunse kuti tsitsi layamba liti kubala magalimoto. Mkazi wa wakuba safunsa mtengo wa nyama.

Ine ndinalandira gawo langa. Tsiku lina anatuluka atavala suti, n'kuima pamwamba panga.

"Madala, fungo la guluu wanuyu likuthamangitsa makasitomala anga. Mupeze pena."

"Pakhonde pano ndinayamba kukhala iwe usanadziwe kugwira lumo," ndinatero. "Nsapato za mwana wako ndakhala ndikusoka ulere."

"Ndiye mukufuna mendulo?"

Anatuma antchito ake kundinyamulira benchi n'kukaliponya kutsidya, pansi pa mtengo. Ndinalumbira kuti munthu ameneyu sindidzamupatsanso moni kapena kumutsazika mpaka kufa. Taonani mmene dziko lilili: chidani changa ndicho chinandisunga. Aulemu onse ali kumanda, ine wamwano ndikulemba.

Koma chuma chimenechi chinali ndi lamulo lake. Wometayo sakanatha kuyankha aliyense, kupanda kutero msewu wonse ukanatha pa mwezi umodzi. Choncho munthu akamutsazika, iye ankangoluma mano n'kuti, "Mhm." Anthu anamupatsa dzina lomwelo, a Mhm. Ankati ndalama zamutseka pakamwa. Kunyumba analamula kuti m'nyumba mwake musamveke kutsazikana, ati ndi zachimidzi. Mwana wake, amene tsopano anali atasinkhuka, sanamve. M'mawa wina anaima pakhomo monga kale.

"Tsalani bwino, ababa!"

Wometayo anamva lilime likudumpha lokha ngati nsomba. Analowetsa chibakera m'kamwa, n'kuthamangira kubafa. Atatuluka, magazi ali pa zala, anamukalipira mwanayo koyamba chibadwire.

"Ndinati chiyani ine? Ukadzabwerezanso mawu amenewo, udzaona!"

"Ababa, ndakulakwirani chiyani? Kale munkandiyankha."

"Kale tinali amphawi."

"Bola kaleko," anatero mwanayo.

Anamugulira foni, madiresi, nsapato za m'sitolo zodula. Mwanayo ankalandira mwaulemu, koma nsapato zake zakale ankazibweretsabe kwa ine pansi pa mtengo paja. Ndiye yekha wa nyumba imeneyo amene ankawoloka msewu kudzandiona. "Agogo, ababa ndinawalakwira chiyani?" ankandifunsa. Ine ndinkati, "Palibe, mwana wanga. Ndalama zili ngati chimfine, zimatseka makutu." Nanga ndikanadziwa?

Tsopano mvetserani uchitsiru wa nkhaniyi. Munthu amene sayankha, anthu amatopa naye. Pang'ono ndi pang'ono makasitomala anasiya kumutsazika. Ankangodzuka pampando n'kutuluka. Antchito ake poweruka ankangozemba. Ngakhale abusa ankangomugwedezera mutu. Ndipo lilime lija, limene poyamba linkakhala miyezi lili phee, linayamba kumva njala pafupipafupi. Linkayamba ndi kuyabwa, kenako kutentha, kenako kutupa mpaka mawu kumatuluka ngati a munthu woledzera. Wometayo, bwana wamkulu wa magalimoto, anayamba kusaka alendo ngati fisi. Ankaima pa siteji ya basi kulozera anthu njira, kunyamulira amayi okalamba katundu, kumwetulira ngati mngelo, n'cholinga choti wina amutsazike. Anthu ankati a Mhm atembenuka mtima. Kumbuyo kwake ankasiya mitembo.

Atatopa anabwerera kuseri kwa butchala kuja. Anapeza sing'angayo ali pomwe paja, malaya oyera, koma atanenepa.

"Agogo, chotsani chinthuchi. Ndakhuta."

"Wakhuta ndiwe. Lilime lakhuta?"

"Tengani galimoto. Tengani nyumba."

"Ndizitani? Ine ndimadya zimene lilime lako limadya. Ukundipempha kuti ndigone ndi njala?"

"Anthu anasiya kunditsazika. Ndilidyetsa chiyani?"

"Onse anasiya?" Sing'angayo anamuyang'ana m'maso koyamba. "Kunyumba kwako kulibe amene amakukonda?"

Wometayo anayang'ana kumbali.

"Alipo eti? Ndikumuona pankhope pakopo. Ana olera bwino ndi okoma. Satha kuchoka osatsazika."

"Ameneyo ayi! Mwana wanga ayi!"

"Ukuuza ine? Uza lilime lako. Koma ndikuchenjeze, lilime lilibe maso. Limangomva mawu, silidziwa m'bale." Anatenga lalanje lina. "Bwanji waima? Ukufuna kunditsazika?"

Wometayo anatuluka chobwerera m'mbuyo, dzanja lili pakamwa.

Panali munthu mmodzi amene ankamufunitsitsa chiyambire: mlamu wake. Zaka zonsezo ankamumeta yekha ndi manja ake, kumupaka mafuta onunkhira, kumuperekeza mpaka pa galimoto, khutu lili tcheru. Koma mlamuyo anabadwa wopanda mwambo. Sanatsazikepo munthu wosauka, ndipo wometayo atalemera, nsanje inamuwonjezera mwano. Ankangodzuka n'kumapita. Mankhwala amene anapha mphunzitsi ndi mayi wa nthochi analephera pa nkhumba imeneyi.

Nthawi imeneyo mwana uja anapeza malo ku sukulu ya unamwino, kutali ndithu. Ankayenera kunyamuka pa basi ya m'mawa. Bambo wake anadziwa kuti mwana wotere sangapite ulendo wautali osatsazika, ndipo lilime linali litakhala nthawi yaitali osadya. Linali litatupa ngati chule, moti chakudya chinkamukanika, ankangomwa madzi. Anaganiza nzeru imene ankaiona ngati yakuya: achoke m'nyumba mwanayo asanadzuke, akabisale kuntchito, ndipo alidyetse lilimelo mlamu wake m'mawa womwewo kuti likhute.

Sitolo ya mlamuyo inali itayamba kugwa, ndipo kwa nthawi yaitali ankapempha chipinda chimodzi cha kutsogolo kuti asamutsiremo zitsulo zake. Wometayo anamuitanitsa. Anamukhazika pa mpando wabwino koposa, anamufunditsa nsalu yatsopano, anamumeta mosamala ngati akusenda dzira.

"Alamu," anatero movutikira, "chipinda chija tengani. Ulere."

"Mwati bwanji? Mukulankhula ngati mwaika mwala m'kamwa."

"Tengani. Makiyi awa."

Mlamuyo analandira makiyiwo, kuwatembenuza, nkhope ikuwala. "Koma alamu, ndinkakuyesani munthu woipa. Lero mwandichititsa manyazi." Anadzuka, anakutumula kolala, anayamba kulowera kukhomo, kenako anaima n'kutembenuka. "Basi alamu, ine ndi..."

Wometayo anagwira mpando ndi manja onse awiri. Anatsinzina. Anatsegula pakamwa, mawu aja ali kale pa nsonga ya lilime ngati mwala pa legeni yokokedwa.

Foni ya mlamuyo inalira. "Halo! Iwe, katundu uja wafika?" Anatembenuka n'kuyamba kukalipira munthu wa pafoniyo.

Ine ndinali kutsidya, pansi pa mtengo wanga. Mwana uja anali atangochoka pa benchi langa. Anabwera ndi sutikesi yake kudzatenga nsapato zimene ndinamusokera za pa ulendo, anazivala pomwepo, n'kunditsazika. Anati, "Ababa athawa m'mamawa kuti ndisawatsazike. Koma lero andimva, akalipe akalipe." Ndinaseka. Ndinamuuza kuti apite akawasokose. Ndinamuona akuwoloka msewu, akukwera pakhonde, akusuzumira pakhomo kuseri kwa chimimba cha amalume ake, ngati kamwana ka sukulu kaja.

"Tsalani bwino, ababa!"

"Pitani bwino!"

Mawuwo anatuluka mwamphamvu moti ndinawamva kutsidya. Wometayo anatsegula maso.

Mwanayo anaomba m'manja. "Mwayankha! Amalume, mwamva? Ababa andiyankha lero!" Anaseka, ananyamula sutikesi yake, n'kutembenuka. Bambo wake analumpha mpando, anaterereka pa matailosi ake odula aja, akukuwa kuti, "Ima! Usapite! Bwerera, amayi anga, bwerera!" Mwanayo anatsika sitepe ya pakhonde, n'kucheuka kuti amve chimene akunena. Maondo anapinda. Anakhala pa sutikesi yake, mutu n'kutsamira chipilala, kumwetulira kukadali pankhope.

Mlamuyo anali akadali pa foni. Anachita kumaliza nkhani ya katundu wake.

Ndaona maliro ambiri ine, ndipo ambiri mwa iwo sanandikhudze. Koma nsapato zimene zija ndinazisoka ndi ulusi wanga wabwino, umene ndinkasungira anthu olipira, ndipo sizinayende ngakhale kufika pa siteji ya basi.

Wometayo anamunyamula mwanayo n'kumamugwedeza, akubweza mawu ake ngati munthu angabweze madzi otayika. Lilime linali litaphwa. Linali litakhuta, ndipo ankalankhula bwinobwino tsopano, moti aliyense anamva zimene ankanena. Anatchula mnyamata wa chipeso, mwini nyumba, mphunzitsi, mayi wa nthochi, mkwati, ndi ena amene sitinkawadziwa n'komwe. Anthu anati chisoni chamuzunguza mutu. Koma kuyambira tsiku limenelo panalibe amene analowanso pakhomo pake. Amene ankati za mankhwala ndi zabodza ndiwo anayamba kuzungulira njira ina.

Anathamangira kuseri kwa butchala kuja ndi chikwanje. Anapeza chipinda chili pululu, pansi pali makoko a malalanje okhaokha. Mkazi wake atamva zonse analongedza katundu, zodula zokhazokha, n'kuchoka osatsazika. Pamenepo pokha anaonetsa nzeru. Antchito anagawana makina ndi mipando. Magalimoto anapita, nyumba inapita, ndipo malo onse a kutsogolo aja anawatenga mlamu wake, amene mpaka lero akugulitsiramo zitsulo, mimba ili patsogolo, foni ili kukhutu. Musandifunse za chilungamo. Ine ndimasoka nsapato.

Wometayo anatsala ndi kachipinda kakale kaja kuseri, mmene munali mpando wa waya ndi galasi long'aluka. Tsitsi lake linakula mpaka kupotana, munthu amene ankameta anzake. Masana ankayendayenda mumsewu opanda nsapato, kugwira anthu malaya, kuwafotokozera nkhaniyi kuyambira pa lalanje mpaka pa sutikesi. Akamaliza ankawapempha kuti, "Musanditsazike, chonde. Ingopitani." Ana ankamugenda. Tsiku lina anafika pa benchi langa n'kugwada.

"Madala, ndikhululukireni za khonde lija."

Ndinapitiriza kusoka. Ena adzati ndinaumitsa mtima. Anene. Khondelo ndikanamukhululukira, koma nsapato zija ayi.

Mapeto ake anafika masana ena kukutentha. Ndinapita kuseri kuja kukatunga madzi pa mpopi, ndipo chitseko cha kachipindako chinali chotsegula. Ndinamuona atakhala pa mpando wa waya, atadzifunditsa nsalu yonunkha ija, akuyang'ana munthu wa m'galasi. Anali atadzimeta bwinobwino, ndevu zonse, ngati mkwati. Anadzuka, anachotsa nsaluyo, anaikutumula, n'kuipinda. Kenako anamuweramira wa m'galasiyo mwaulemu.

"Tsalani bwino, akulu," anatero.

Anakhalanso pa mpando uja. Ndinaona milomo ya wa m'galasi uja ikugwedera.

"Pitani bwino."

Mpando unalira kamodzi. Chidebe changa chisanadzaze n'komwe, anali atapita.

Anamuika ndi anthu ochepa, ndipo mlamu wake anachoka kumandako mwambo usanathe, ati ali ndi kasitomala.

Tsono inu amene mumagona osatseka maso chifukwa mnansi wanu wagula galimoto, imvani. Munthu uyu anali ndi mpando umodzi, nsalu imodzi, ndi mwana amene ankaima pakhomo m'mawa uliwonse kumufunira zabwino. Anaona ngati ndi wosauka. Anapita kukagula chuma ndi moyo wa anzake, poganiza kuti wosankha adzakhala iye mpaka kalekale. Dyera silisankhitsa. Limayamba kudya a kutsidya kwa msewu, kenako a pakhonde, ndipo likamaliza limalowa m'nyumba, chifukwa amene amakukonda ndiye amene sathawa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ngati muli ndi wina amene amakutsazikani m'mawa, ndipo inu mungathe kumuyankha popanda mantha, khalani pansi mudye umphawi wanuwo mwakachetechete. Ndinu olemera kuposa a Mhm, ngakhale ndikudziwa kuti simumva, pakuti nkhalamba yosoka nsapato ingakuuzeni chiyani inu.